Sitovu ya induction ikutentha, ikuzima yokha kapena ikugwetsa magetsi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe anthu amandifunsa mobwerezabwereza kuno ku Dedza, ena pa foni ena akabwera nayo sitovuyo atayikulunga mu chitenje kuti ndiione. Ambiri ali ndi timasitovu ta poto mmodzi tonyamula m'manja tija, ta 2000W kapena kuyandikira pamenepo, nde mayankho ambiri akukamba za timeneto. Masitovu aakulu omangira mu kabati ali ndi funso lawolawo kumunsi.

Kodi induction imaphika bwanji popanda moto?

Pansi pa galasi pali koyilo ya waya wa kopa wozungulizidwa mophwatalala. Magetsi athu a 230V akalowa amayamba asinthidwa kukhala DC (magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire), kenako kachipangizo kena kotchedwa IGBT kamawayatsa ndi kuwazimitsa mothamanga kwambiri, kupitilira ka 20,000 pa sekondi imodzi. Zimenezi zimapanga mphamvu ya maginito yomwe imadutsa galasi n'kukalowa mu chitsulo cha poto, nde chomwe chimatentha ndi poto mwiniwakeyo. Galasi limangotenthedwa ndi poto basi.

Koma mkatimo IGBT ija imatentha nayonso pogwira ntchito, n'chifukwa chake anaimangirira pa chitsulo cha aluminiyamu cha mapikomapiko n'kuika fani yoti iziuzira. Palinso masensa awiri oyeza kutentha, ina yogunda galasi pakati pa koyilo, ina pa chitsulo cha IGBT chija. Zinthu zitatu izi, fani, sensa ndi IGBT, muzisunge m'mutu chifukwa pafupifupi mavuto onse ali m'munsimu amazungulira pamenepa.

Ndikaika poto ikungolira pi pi pi osaphika, yafa?

Nthawi zambiri siinafe, ndi poto wanuyo. Tengani maginito, olo a mu sipika ya wailesi yakufa, muwagunditse kunsi kwa poto. Akamata mwamphamvu poto ameneyo aphika, akagwa ndekuti muiwale. Mapoto a aluminiyamu omwe ali m'nyumba zambiri, kaya a mu shopu kaya osula amisiri omwe timagula pa msika wa Lizulu, sagwira. Mphika wadothi sugwiranso. Omwe amagwira ndi achitsulo chenicheni, a enamelo amaluwamaluwa aja, ndi a stainless ena, osati onse ayi, nde pokagula tengani maginito m'thumba muyesere pompo mu shopu, musachite manyazi.

Poto akhale wophwatalala kunsi. Wokhala pa mafuwa kapena pa mbaula zaka zambiri amakhala atapindika, sitovu imamuona mphindi ino mphindi inayo osamuona. Kapoto kakang'ono kwambiri kowiritsira dzira nakonso masitovu ena sakazindikira.

Wina akakuuzani kuti yake imaphika ndi poto aliyense ndipo galasi limafiira, imeneyo si induction, ndi infrared. Zimafanana maonekedwe ndipo ogulitsa ena amazisokoneza, koma mkati ndi zosiyana.

Imaphika bwinobwino kenako pakati pa ndiwo n'kuzima yokha. Vuto ndi chani?

Funso ili ndi lomwe limabwera kwambiri kuposa onse. Sitovu ikamatero nthawi zambiri ikudziteteza, sensa yaona kuti mkati mwatentha mopitilira nde yadula magetsi IGBT isanapse. Ndiye musanathamangire kwa amisiri, yang'anani kaye pomwe mwaikhazika.

Masitovu amenewa amakoka mpweya kunsi n'kuutulutsira kumbuyo kapena m'mbali. Tsono amayi ambiri pofuna ukhondo amayala nsalu ya pa tebulo, pulasitiki yamaluwa kapena katoni pansi pake, fani ikayamba kukoka nsalu ija imamatirira pa timabowo, mpweya osalowa. Ena amaikankhira kukhoma mpakana kugunda, mpweya wotentha umatuluka n'kubwereranso momwemo. Ndinaonapo ina itakhazikidwa pa mkeka pansi, pambali pake mbaula ili lawilawi akuphikira nsima, mwini wake akudabwa kuti bwanji ikuzima. Ikhazikeni pa malo olimba osalala, thabwa kapena simenti kapena matayilosi, musiye mpata wosachepera chikhatho chanu kumbuyo ndi m'mbali, ndipo mbaula kapena hotipuleti zikhale patali.

Nyengo nayo imalowapo. Pa Boma pano kumazizira, June ndi July masitovu savuta kwenikweni, koma anzathu a ku Golomoti, Mtakataka ndi kumunsi kwa Ntcheu cha ku Bwanje, mu October khitchini ya malata opanda siling'i imakhala ng'anjo kale sitovu isanayake. Mpweya omwe fani ikuuzira ukakhala wotentha kale palibe chomwe ukuziziritsa. Tsegulani zenera, tsitsani mphamvu pang'ono, zinthu zikawira palibe chifukwa chosiyira pa 2000W.

Mukakonza zonsezi koma ikuzimabe, pitani ku funso la fani. Ikamazima madzulo okhaokha onani funso la low voltage, kutanthauza magetsi ofooka.

Ndidziwa bwanji kuti fani ndi yomwe yavuta?

Mvetserani. Mukangoyamba kuphika fani iyenera kumveka, ndipo mukaika dzanja potulukira mpweya muumve ukuomba. Kukakhala zii, kapena ikuchita kukhwekhwereza, kapena ikuyamba mochita kudzikoka, zimitsani musapitirize, chifukwa fani ndi yotchipa koma zomwe zimapsa fani ikaima ndi zodula.

Chimaipha kwambiri ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta. Kuyambira August mpakana mvula itagwa fumbi limakhala lambiri, likakumana ndi nthunzi ya mafuta okazingira limapanga phula lakuda lomata pa mapiko a fani ndi pa timabowo. Zulani pulagi, itembenuzeni pa nsalu yofewa, mutsuke timabowo ndi mswachi wakale wouma. Madzi ayi. Kutokosa ndi waya ayi. Mukaona kuti phula lili mkati mwenimweni kapena mwakodwa tsitsi ndi ulusi, imeneyo ndi yotsegula, werengani funso la kutsegula nokha musanagwire sikuludiraiva. Mafani ake ambiri ndi a 12V kapena 18V, zimalembedwa pa kasitika kake, ndipo yolowa m'malo ikhale ya nambala yomweyo.

Ndazimitsa koma fani ikuzungulirabe, ndizule pulagi?

Isiyeni, imeneyo ndi ntchito yake. Ikuchotsa kutentha komwe kwatsala mkati ndipo isiya yokha pakapita kamphindi. Chizolowezi chothamangira kukazimitsa pa khoma kuti mayunitsi asathe chimafupikitsa moyo wa sitovu, chikhalirecho kafaniko sikadya magetsi oti mita n'kuzindikira. Ikasiya, pamenepo zulani. Ikalemba H ndekuti galasi likadali lamoto, ana asagwire.

Ndimakazinga chipisi, bwanji pa chipisi pokha ndi pomwe imazima?

Madzi akawira amaima pomwepo, sapitilira 100°C, koma mafuta a chipisi amafika 170 mpaka 180°C ndipo mukawaiwala amapitilira. Kutentha konseko kumabwerera pa galasi, sensa ya pakati ija n'kudula. Zimachitikanso mukasiya poto wopanda kanthu pa sitovu yoyaka kapena madzi akauma. Ngati sitovu yanu ili ndi batani losankhira kutentha kapena la fry, gwiritsani ntchito limenelo m'malo moika mphamvu yonse, ndipo mukachotsa mbatatesi zoyamba musasiye mafuta okha akuyaka uku mukusenda zina.

Kwa abale a bizinesi ya chipisi m'mbali mwa M1 ndingonena mosabisa, kasitovu ka m'nyumba sikanapangidwire kukazinga kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kakhalitsa miyezi ingapo kenako kazibwera kwa amisiri pafupipafupi.

Mafuta akagwira moto musathire madzi olo pang'ono. Zimitsani pa khoma muvundikire poto ndi chivundikiro chake.

Nsima imatheka pa induction? Yanga imalira ndikamavundula

Imatheka, ambiri akuphika. Imalira chifukwa povundula poto amanyamuka kapena kusuntha pa malo ake, sitovu n'kuganiza kuti mwachotsa. Mugwireni poto ndi nsalu akhazikike pakati, mthiko uzigwira ntchito koma poto asamavine, komanso musamamukhwekhwereze pa galasi makamaka ngati pagwera ufa, mchere kapena mchenga, galasi limakalika. Ndipo mthiko musamaumenyetse pa mlomo wa poto ali pa galasi pomwepo, chizolowezi cha pa mbaula chimenecho chaswa magalasi ambiri.

Phala likawira tsitsani mphamvu musanayambe kuthira ufa. Nsima ikalimba siyendetsa kutentha, konse kumaunjikana pakati, nde mumapeza nkhoko yakuda bii yozungulira molingana ndi koyilo ndipo sitovu n'kuzima monga tafotokozera pa chipisi. Poto wokhuthala kunsi amathandiza kwambiri. Nsima ya banja lalikulu ya poto wolemera yoti mpaka kugwira awiri, imeneyo ipite pa mbaula.

Ndinasiya nyemba zikuwira, ndinapeza yazima nyemba zosapsa. Yatentha?

Mwina ayi. Masitovu ambiri amazima okha pakapita nthawi osagwira batani lililonse, ena maola awiri ena kuposerapo malinga ndi mtundu, anawapanga choncho kuti munthu akaiwala nyumba isapse. Ikani timer kapena muzibwera kudzaikhudza.

Komanso kuno ndi kumtunda. Dedza Boma ili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike 100°C, cha m'ma 95, nde nyemba zimachedwerapo kupsa kusiyana ndi ku Salima kapena Mangochi. Kuonjezera mphamvu sikuthandiza, madzi amangouma msanga basi. Nyikani nyemba usiku, vundikirani poto, zikawira tsitsani.

E1, E2, E3 ndi ma E enawa akutanthauza chani?

Apa ndi pomwe anthu amasocheretsana mu ma gulupu a WhatsApp. Manambalawa safanana, E2 ya kampani ina ndi magetsi ochuluka, E2 ya ina ndi sensa. Kabuku kake ndi komwe kali ndi yankho, ngati kanatayika lembani dzina ndi nambala ya model zomwe zili pa sitika ya kunsi mufufuze pa intaneti. Chomwe chimafanana n'chakuti onse amadandaula zinthu zomwezomwezo: poto palibe, magetsi achepa, magetsi achuluka, galasi latentha, IGBT yatentha, kapena sensa yaduka.

Chomwe chingakuthandizeni ndi nthawi yomwe nambalayo ikubwera. Ikabwera mutaphika kanthawi n'kuchoka sitovu ikazizira, ndi kutentha kwenikweni. Nambala yodandaula kutentha ikabwera pompo m'mawa sitovu ili yozizira, musanaike n'komwe poto, ndekuti sensa ikunama, mwina yafa kapena kawaya kake kazuka. Ijambuleni pa foni, amisiri idzawathandiza.

Pulagi ikutentha, soketi yada komanso ikununkha pulasitiki

Izi ndi zoopsa kuposa sitovu kuzima, chifukwa apa palibe sensa yomwe ikulondera. Sitovu ya 2000W imakoka pafupifupi 9A. Pulagi yathu ya mano atatu imalola 13A, ndekuti cha m'ma 3000W, nde payokha imakwanitsa bwinobwino. Vuto limabwera pomwe waya wakhwepa mu pulagi, kapena soketi yakalamba mano sakugwira zolimba, pamenepo pamathetheka mosaoneka n'kumatentha pang'onopang'ono mpakana pulasitiki kusungunuka.

Ekisitenshoni ndiye mdani wamkulu. Zotchipa za pa msika zija kunja waya amaoneka wonenepa koma mukamudula mkati muli timaulusi tochepa, tina sitili n'komwe ta kopa. Tsono pomwepo mwalumikiza sitovu, ketulo ndi tchaja, sitovu ndi ketulo zokha zadutsa kale 17A. Induction ilowe pa soketi ya pa khoma payokha. Ngati inabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, zotokosa soketi ndi kamtengo kuti ilowe zisiyeni, ndipo ma adaputala ang'onoang'ono aja nawonso sapirira 9A kwa ola lathunthu. Muikitse pulagi ya mano atatu yabwino ya fyuzi ya 13A. Soketi yomwe yada kale isinthidwe, kuipukuta sikuichiritsa.

Anyumba za lendi zomwe waya anangokoka kuchokera ku nyumba yaikulu, funsani kaye a landilodi kuti wayayo ndi wa saizi yanji. Wa masoketi amayenera kukhala 2.5mm, wa 1.5mm ndi wa mababu.

Madzulo imalemba error koma masana imaphika bwino. Low voltage ingaiphe?

Madzulo aliyense wayatsa zake, nde nyumba zomwe zili kutali ndi thiransifoma magetsi amafika ofooka. Mukaona mababu akuchita chizimezime sitovu ikangoyaka, ndi zomwezo. Sitovu zambiri zimakana kugwira magetsi akatsika kwambiri, ndipo zikuchita bwino kukana. Yesani kuphika pa mphamvu yochepa, muzimitse ayironi ndi giza, kapena phikani mofulumirirapo. Ngati kwa aneba zili bwino koma kwanu kokha, vuto lili mu waya wa nyumba yanu, itanani elekitirishani ayeze. Ngati ndi mzere wonse, kanenenitu ku ESCOM pamodzi.

Choopsa kwambiri ndi nthawi yomwe magetsi akubwerera atazima, komanso mphezi. Magetsi akapita muli pakati pophika zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike. Nthawi ya dzinja kukayamba kugunda ndi kung'anima zulaninso, kuzimitsa pa batani lake sikukwanira chifukwa bodi ya tizipangizo ya mkatimo imakhala ikadali pa magetsi. Gadi wa magetsi amathandiza, koma werengani nambala yake, ena a firiji ndi a TV ndi a ma amp ochepa, mukaikapo sitovu gadiyo ndi amene apse. Mufune wa 13A kapena kuposa.

Ndikangoilumikiza main switch ikugwa, kapena inaphulika kuti phwaa n'kuzima

Musayeserenso kachiwiri ndi kachitatu, ulendo uliwonse mukuonjezera zopsa. Yang'anani kaye chomwe chagwa pa bokosi. Ngati ndi buleka ya masoketi ndipo imagwa pokhapokha ketulo kapena ayironi zikayaka limodzi, mwangochulutsa katundu, sitovu ilibe mlandu. Ngati ikugwa nthawi yomweyo mukangolowetsa pulagi olo pa soketi ina, mkati muli shoti, ndipo kawirikawiri ndi IGBT yapsa, nthawi zina limodzi ndi rectifier, kachipangizo kosintha magetsi kukhala DC. Ngati chagwa ndi chachikulu chija chokhala ndi kabatani ka test, ndekuti magetsi akuthawira pansi, ganizirani madzi, chinyezi kapena waya wosupuka.

Onaninso chingwe chake chonse kuyambira ku pulagi, makoswe amatafuna, ndipo china chimakhala chinagunda poto wamoto n'kusungunuka.

Fyuzi yapsa, mnzanga akuti tingomanga kawaya. Zingatheke?

Zitheka inde, iyaka mwina, koma kumeneko kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba. Fyuzi siipsa chabe. Ya mu pulagi mutha kusintha kamodzi ndi ina ya 13A, ikapsanso basi imani. Ya mkati pa bodi ikapsa pafupifupi nthawi zonse pali china chomwe chafa kumbuyo kwake, nde mukamanga waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya, chomwe chikanakhala IGBT imodzi chimasanduka bodi yonse yakuda, mwinanso moto.

Ndikagwira poto ndimamva kashoko

Siyani kuphikirapo kaye. Zinthu zoti ziunikidwe ndi zitatu: galasi ngati lili ndi mng'alu, madzi ngati alowa mkati, ndi earth ya nyumba. Nyumba zambiri waya wa earth anangomusiya lende mu soketi, kapena chitsulo chokhomera pansi chija chinadyeka ndi dzimbiri kalekale. Ngati firiji kapena mpopi wa ku bafa nazonso zimagwira shoko, nkhani si sitovu, ndi nyumba, ndipo pakufunika elekitirishani wa ziphaso za MERA osati mnyamata wongodziwa kusintha babu. Kuvala masilipasi pophika si kukonza.

Amisiri akuti mwapezeka mphemvu. Mphemvu zingaononge sitovu zoona?

Shuwa, ndipo zimachitika kwambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Mkatimo ndi mofunda, mwamdima, fungo la chakudya lili pompo, nde nthawi yozizira ya kuno mphemvu zimasamukiramo ndi banja lonse. Imodzi ikadutsa pakati pa miyendo ya IGBT pomwe pali ma volt mazanamazana, imauma pomwepo n'kupita nayo IGBT. Ukatsegula umaipeza itagona chagada pambali pa chidindo chakuda pa bodi, timazira take tili ndandanda m'mphepete mwa pulasitiki. Zitosi zake nazonso zikanyowa zimadutsitsa magetsi. Nyerere ndi nalimata zimachitanso zomwezo.

Pukutani sitovu ndi pansi pake mukatha kuphika, ikazizira isungeni mokutira. Mankhwala opopera musapopere mkati, ambiri amayaka moto.

Madzi nawonso chimodzimodzi. Mkaka kapena phala zikasefukira n'kutsikira m'mbali, fani imazikokera mkati. Zulani pulagi pompo, pukutani, muisiye pouma masiku angapo musanayese, ndipo ngati zalowa zambiri ikatsegulidwe. Nthawi ya chifunga musaisiye mu khitchini ya panja usiku.

Galasi lang'aluka pang'ono koma ikuphikabe

Isiyeni. Mng'alu ndi njira ya msuzi kupita pa koyilo, ndipo ndi kutentha umangokulirakulira. Guluu ndi selotepi sizigwira pamenepo. Galasi la pa zenera silingalowe m'malo, limeneli ndi lapadera lopirira moto. Nthawi zina amisiri amakhala ndi galasi la sitovu ina yakufa ya mtundu womwewo, funsani.

Mabatani sakumva, kapena ikudzisinthira yokha

Pukutani kaye ndi nsalu youma, dontho la madzi kapena mafuta pa mabatani ogusa aja sitovu imaliona ngati chala. Manja akhalenso ouma. Ikalemba L kapena Loc, kapena kakuwala kachizindikiro ka loko, ana anaikiya, dinikizani batani la loko masekondi angapo. Poto wamkulu wofika pa mabatani amawasokonezanso. Zikakanika zonsezi zulani pulagi kwa mphindi zingapo mubwezeretse, zikapitilirabe ndi kabodi ka mabatani kapena lamba wake wa mawaya.

Phokoso la zzzz pa mphamvu yaikulu, makamaka ndi poto wopepuka, ndi la poto osati sitovu. Kuyaka n'kumazima pa mphamvu yochepa nakonso ndi momwe masitovu otchipa amachepetsera moto.

Ndingaitsegule ndekha?

Ngati simunagwirepo za magetsi, ayi. Magetsi a 230V akasinthidwa kukhala DC amakwera kupitilira 300V, ndipo makapasita a mkatimo amatha kuwasunga olo pulagi itazulidwa. Ngati ili pa waranti, kumasula sikuluwu kumathetsa warantiyo, bwererani nayo komwe munagula ndi lisiti.

Amene mumadziwako, zulani pulagi, dikirani, yezani makapasita ndi mita kuti atsitsa musanaike chala. Jambulani chithunzi musanazule kawaya kalikonse. Zomwe mungachite bwinobwino ndi kutsuka fani ndi chitsulo choziziritsa, kuona mawaya okhwepa, ndi kuonetsetsa kuti sensa ya pakati pa koyilo ikugunda galasi ndipo ili ndi phala lake loyera lodutsitsa kutentha (thermal paste). Kuyatsa ili chitsegulire musayerekeze.

Anasintha IGBT koma patangopita masiku yapsanso. Anandibera?

Mwina sanakubereni, koma anagwira theka la ntchito. IGBT kawirikawiri imaphedwa ndi china, nde kungoisintha osafufuza chinaipha ndi kuotcha ndalama. Mmisiri wodziwa amayeza rectifier, amayeza kapasita yaikulu ya 5µF ndi ina yogwira ntchito ndi koyilo ya cha m'ma 0.3µF, chifukwa imeneyi ikafooka IGBT yatsopano siichedwa. Amaonanso timatiranzisita toyendetsa IGBT, pa mabodi otchipa ambiri ndi S8050 ndi S8550, ndi kachipangizo kotchedwa zener ka 18V kotchinga magetsi ochuluka komwe kali pompo, izi zimakonda kufera limodzi. Amachotsa phala lakale louma pa chitsulo choziziritsa n'kupaka latsopano, amamanga sikuluwu zolimba, amayesa fani. Sensa zambiri ndi za 100k ikakhala yozizira, ndipo nambalayo iyenera kutsika mukaifunditsa ndi zala.

Poyesa koyamba amalumikiza babu lakale la 100W pa mzere umodzi ndi sitovu, popanda poto. Babu likangophethira n'kuzima zili bwino, likayaka mowala shoti ikadalipo ndipo babulo lapulumutsa IGBT yatsopano. Mukaona mmisiri ali ndi babu lotere pa tebulo pake, mtima ukhale m'malo.

Sipeya nayonso ilipo yabodza. Ma IGBT a masitovuwa ndi a 1200V, monga H20R1203 kapena FGA25N120, ndipo pamsika pamapezeka ena ongodindidwa nambala. Pemphani akupatseni zakufa zomwe achotsa, ndipo muwauze zoona za momwe inafera, kaya munali pa jenereta kaya munasefukira mkaka. Kenako kunyumba mukonze chomwe chinayambitsa, apo ayi mubweranso.

Ingagwire pa sola, inveta kapena jenereta?

Ingagwire ngati zili zazikulu mokwanira. Inveta ikhale ya pure sine wave ndipo ipose mphamvu ya sitovu ndi mpata wabwino, 3000W kwa sitovu ya 2000W. Za modified sine wave zotchipa zija zimaononga bodi. Koma nkhani yaikulu ndi batire: pa 12V sitovu imeneyi imakoka kupitilira 160A, batire limodzi la 100Ah la asidi silingakupatseni olo mphindi 20 musanalipweteke. Kasola ka mababu ndi TV kasiyeni.

Jenereta yaing'ono magetsi ake amakwera n'kutsika katundu akamasintha, ndipo induction imasintha katundu pafupipafupi. Ngati mulibe yaikulu yokhala ndi AVR, chipangizo chokhazikitsa magetsi, phikani pa mbaula tsiku limenelo.

Nanga yaikulu ya mapoto anayi yomangira mu kabati?

Imeneyi imatha kufika cha m'ma 7000W, siya pa soketi ayi. Imafuna mzere wakewake kuchokera ku bokosi, waya wa 6mm, buleka ya 32A ndi switchi ya cooker pa khoma, pokhapokha kabuku kake katanena zina. Vuto lomwe limabuka kwambiri ndi la akalipentala, amadula bowo lokwana ndendende, pansi n'kuika dirowa yodzaza masipuni ndi mapepala, mpweya osapeza polowera. Kabuku kamanena mpata wofunika pansi ndi kumbuyo, muwaonetse asanadule thabwa. Ngati pansi pali uvuni mpatawo ndi wofunika kwambiri.

Mbali imodzi ikafa inayo ikugwira, kawirikawiri ndi bodi ya mbali imeneyo kapena kalumikizidwe ka mawaya kumbuyo. Mphamvu ikamatsika pa poto wina mukakweza mnzake si vuto, malo awiri amagawana magetsi.

Agogo ali ndi kachipangizo ka mtima, angaphikire?

Afunse kaye adokotala awo. Mphamvu ya maginito ija imatha kusokoneza pacemaker munthu akayandikira kwambiri, nde asanamve kuchipatala aphike wina.

Ndikonzetse kapena ndingogula ina?

Fani, sensa, chingwe, pulagi, fyuzi ndi IGBT, izi konzetsani, ndi zotheka ndipo zikakanika kupezeka pa Boma amisiri amaitanitsa ku Lilongwe. Koyilo ikapserera mpaka kuda, bodi ikabooka ndi moto, kapena kachipu koyendetsa zonse kakafa, pa kasitovu kotchipa mtengo wokonzera umayandikira wa katsopano, nde funsani mtengo asanayambe ntchito. Yakufayo musataye kudzala, amisiri amaigula kapena kukuchotserani pa mtengo chifukwa galasi, fani ndi koyilo zake zimakagwira pa ina.

Pogula yatsopano itembenuzeni muone kukula kwa timabowo ta mpweya ndi kutalika kwa miyendo, muone ngati yalembedwa 220-240V, pulagi ikhale ya mano atatu, ndipo aiyatse mu shopu momwemo ndi poto wa madzi mumve fani. Lisiti ndi kabuku musunge pamodzi.